A Kamuniya ndi Nkhuku Yawo Yoyera

Mwezi uno chaka chakwana chimwalirireni aphunzitsi a Soko, ndipo palibe amene wakumbuka. Kutchalitchi sanawatchule. Pamanda pawo udzu wafika m'chiuno. Ine chandikumbutsa ndi nkhuku. Ndinkachokera ku Chipata kogulitsa tomato, ndangotsika basi pa Madzimoyo, ndiye kamsoti koyera n'kudutsa msewu patsogolo panga. Mtima unangoti myuu! Ndinatula dengu pansi n'kuyamba kulira pamsewu pomwepo ngati wamisala. Mayi wina anandifunsa ngati andibera. Ndinati iyayi amayi, ndakumbuka munthu.

Ndipo sindinakumbuke mmodzi yekha. Ndinakumbukanso mnzanga Esinati, mkazi wa mwana wawo, amene anawasamalira mpaka tsiku lomaliza, kenako achibale n'kumupirikitsa pamudzi ngati galu wakuba mazira. Nkhani ya anthu awiriwa siingalekanitsidwe, ngakhale iwo eni anakhala zaka zambirimbiri pabwalo limodzi osayandikana.

Aphunzitsiwo dzina lawo la ubatizo linali Gidioni, koma mukafunsa dzina limenelo kuno palibe angakulozereni nyumba. Funsani a Kamuniya. Linachokera ku mawu awo a Chizungu amene sankachoka pakamwa pawo, akuti "Come nearer," kutanthauza kuti sendera pafupi. Anawapatsa ndi ana a ku Chiparamba kumene anayambira ntchito, dzinalo n'kuwatsatira mpaka kuno. Ankalidziwa bwino. Ankangonamizira kusamva.

Aphunzitsi ena Chizungu ankaphunzitsira pabolodi. Iwo ayi. Ankati cha pabolodi chimafufutika ndi kansanza, koma cholowera m'miyendo munthu amafa nacho. Belu likalira ankatitulutsa tonse panja. Iwo ankaima pansi pa mtengo, nsungwi m'manja, n'kujambula mzere m'dothi patsogolo pawo. Ife tinkandanda kutali, cha kumpanda. Ndiye ankaitana mmodzimmodzi, mayina onse awiri, ngati kukhoti.

"Tisauke Daka! Approach!"

Pamenepo uyende mwaulemu, uyandikire, koma ukafika pamzere uime. Ukaudumpha, nsungwi pakatumba. "Ndati uyandikire, sindinati undigwere!" Akati "Arrive," ndiye udumphe mzerewo ufike ndithu mpaka ugwire dzanja lawo, chifukwa ankati woyandikira ndi wofika ndi anthu awiri osiyana, ndipo nsomba siiphikidwira woyandikira. Akati "Creep," ukwawe mwakachetechete ngati mphaka woona khoswe. Akati "Rush," fumbi koboo! Timene tinkakonda kwambiri ndi "Stagger," kudzandira, chifukwa aliyense ankayerekeza atate ake akuchokera kukachasu, ndipo aphunzitsi ankaluma milomo kuti asaseke. Koma akati "Return," sankafuna masewera. Ubwerere pamalo penipeni pamene unachoka, mapazi aponde m'mapazi ako omwe. Ankati munthu sabwerera kumene sanachokeko, ndipo wobwerera pena ndi mlendo chabe.

Mayunifolomu athu ankabwerera kunyumba ali mbuu, makolo n'kumadandaula. Tsiku lina atate a mnzathu wina anabwera atalusa, akuti mwana wawo anamutumiza kusukulu osati kokwawa, ndipo sopo samera m'munda. Aphunzitsi sanakangane nawo. Anangoimika bamboyo ndi mwana wake pamodzi kumpanda kuja n'kufuula, "Come nearer!" Mwana ananyamuka. Bambo anangoti kakasi, chipewa m'manja. Aphunzitsi anati, "Mwaona? Sopo ndi wanu, koma Chizungu ndi chake." Bambo uja anabwerera akung'ung'udza, koma m'mawa mwake mwanayo anabwera ndi mtolo wa nzimbe.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkawapsetsa mtima koposa zonse. Paja ife tikamachoka pa anthu timati "ndikubwera." Mwana akanyamula chizolowezi chimenechi n'kuchilowetsa m'Chizungu, akutuluka pakhomo koma akunena kuti akubwera, ankamubweza ndi khutu. "Nkhongo yako ndikuiona, ukubwera bwanji?" Ankati wobwera amaoneka nkhope, wopita amaoneka nkhongo, ndipo maso sanamiza munthu ngati mmene pakamwa pamanamizira. Mawu amenewa muwasunge, mudzawafuna kutsogoloku.

M'kalasi mwathu wanzeru kuposa tonse anali Esinati Lungu, kamtsikana kochepa thupi, kakhosi lalitali. Ife tisanamve n'komwe, iye miyendo yanyamuka kale. Aphunzitsi ankamunyadira poyera, mpaka enafe nsanje. Akafuna kutichititsa manyazi ankati, "Esinati Lungu, aonetse anthu awa kayendedwe kake." Ankafuna adzakhale mphunzitsi. Sizinatheke, kwawo kunali umphawi wa dzaoneni. Patapita zaka Esinati anakwatiwa ndi Yotamu, mwana mmodzi yekhayo wa aphunzitsi. Tonse tinati koma mwayi! Sitinadziwe kuti tsiku la ukwati lomwelo mzere uja wajambulidwanso, ulendo uno wosafufutika.

Kwathu kuno kwa Angoni, mkazi akakwatiwa pamudzi, atate a mwamuna wake amawaopa ngati moto. Sawatchula dzina, sadya nawo, salowa m'nyumba mwawo, sawayang'ana kumaso. Akakumana nawo panjira amapatukira kutchire n'kugwada mpaka adutse. Nawonso samutchula dzina, samuyankhula mwachindunji. Mabanja ambiri masiku ano anazipeputsa zimenezi, ena apongozi amakwezana panjinga. Koma a Kamuniya Chizungu chinali m'kamwa mokha, m'mafupa munali Chingoni chokhachokha.

Mwambowu uli ndi pothera pake, ndipo m'banja la a Soko pothera pake inali nkhuku. Mwana woyamba akabadwa, apongozi aamuna amagwira nkhuku ya m'khola mwawo, osati yogula kapena yobwereka, n'kuiika m'manja mwa mkazi uja, mwamuna wake alipo, wachibale mmodzi akuona. Amanena kuti kuyambira lero ndinu mwana wanga. Basi. Kuchokera pamenepo akhoza kuwapatsa madzi m'manja, kulowa m'nyumba, kuwadwazika akadwala, popanda womunena.

Esinati atabereka mwana wamkazi, Chisomo, aphunzitsi anasankha msoti woyera mbee, n'kuyamba kuunenepetsa. Tsiku lisanakhazikitsidwe, Yotamu anamva za ntchito ku Joni. Ananyamula kachikwama, n'kugwada pamaso pa atate ake. Ine ndinalipo, ndinabwera kudzaperekeza.

"Atate, ndikubwera. Nkhukuyo mundidikire."

"Tikudikira," anatero aphunzitsi.

Anaima pabwalo kumuyang'ana mpaka anazimiririka kuseri kwa minda ya chimanga. Nkhongo anaiona bwinobwino, ndi magalasi omwe.

Poyamba Yotamu ankaimba foni. Kenako ankaimba pa Khirisimasi pokha, kunena kuti Khirisimasi inayo abwera. Kenako ziii. Amayi a Yotamu anamwalira, mwana wawo sanabwere kudzaponya dothi. Aphunzitsi anapuma pantchito. Msoti uja unakula, unaikira, unakalamba, unafa. Iwo anasankha mwana wake woyera. Atafa ameneyo anasankha mdzukulu wake. Pakhomo paja mlendo ankatha kudya masamba a maungu, m'busa yemwe ankadya nyemba, koma nkhuku yoyera siinkakhudzidwa. M'mawa uliwonse asanamwe tiyi ankaiwazira misere ndi dzanja lawo, akuilankhula Chizungu.

Anali munthu waudongo mpaka kutopetsa. Malaya ankasita okha ndi simbi yamakala ngakhale sakupita kulikonse. Akatero ankakhala pampando wawo wandalema pansi pa mango, wailesi pamiyendo, nkhope kunjira yochokera kumsewu. Aliyense wooneka patali ankamuweruza asanafike. "Uyu akungodutsa." "Uyu akuyandikira koma safika, akuopa ngongole ya moni." "Uyu wasochera." Kutchalitchi, womasulira akaphonya mawu a mlendo wolalikira m'Chizungu, ankatsokomola mokweza mpaka munthuyo akonze. Akuluampingo anawapempha kangapo kuti azikhala kumbuyo. Anakhaladi kumbuyo, chifuwacho n'kukulirakulira.

Nanga Esinati? Anthu akwawo anamuuza kuti abwerere, akadali mtsikana, akwatiwenso. Anakana. Ankati, "Ndikachoka, aphunzitsi adya chiyani?" Pakati pa khitchini yake ndi mtengo wa mango panali mwala wafulati umene kale ankaperapo mawere. Chakudya chikapsa ankachiika pamwalapo, n'kugwada, kuomba m'manja, n'kubwerera. Akalowa m'khitchini m'pamene aphunzitsi ankanyamuka kukatenga. Chisomo ali wamng'ono ndiye anali mthenga wawo. Atapita kusekondale yogonera komweko, anthu awiri aja anayamba kuyankhula ndi mphepo. Aphunzitsi ankayang'ana mtengo n'kunena kuti, "Kaya anthu a pakhomo pano akudziwa kuti mchere wachepa." Esinati ankayankha akuyang'ana mphika, "Anthu amva." Ameneyu ndi munthu amene anaphunzitsa dera lonse mawu a kuyandikira, ndi mwana wake wa sukulu amene ankawamva msanga kuposa tonse. Abale, ndikaziganiza mutu umandiwawa.

Ine pakamwa panga sipakhala chotsekera, ndipo ndinayambana nawo. Ndinawapeza tsiku lina akulimbana ndi ulusi ndi singano, maso atayamba kale kuchita khungu, Esinati ali chapatali akuona koma osatha kuwalandira.

"Aphunzitsi, nkhuku ija idzaperekedwa liti?"

"Yotamu akabwera."

"Akapanda kubwera?"

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Tisauke Daka, pakamwa pako sipanasinthe."

"Sipanasinthe, ee! Inu munatikoka makutu chifukwa chonena kuti tikubwera pamene tikupita. Mwana wanu munamuona nkhongo, Chisomo ali kumsana. Lero Chisomo wamera mawere, inu mukuti akubwera?"

Anayankhula motsitsa, mawu amene sindinawamvepo kwa iwo.

"Mkazi womasulidwa mwamuna wake palibe ndi wamasiye yekha. Ndikaipereka nkhuku ija lero, ndiye kuti mwana wanga ndamukwirira ndekha ali moyo. Iwe ungathe?"

Ndinati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, aphunzitsi. Amene akukuphikirani ndi uyo ali apoyo."

Anavalanso magalasi n'kuloza njira ndi singano ija. "Go."

Ndinapita. Sanandiyankhulenso mpaka chimanga chinacha. Koma ndinamvetsa tsiku limenelo kuti sikunali kuuma mtima. Mtunda umene unali pakati pa mpando wawo ndi mwala uja ndi umene unkawasungira mwana wawo wamoyo. Chimene sankaona n'chakuti wolipira mtundawo anali Esinati.

Tsoka linabwera mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo. Tsiku limenelo amuna onse a m'mudzi anapita ku Chipata kukalandira feteleza. Aphunzitsi analowa m'bafa yawo yaudzu kuseri kwa nyumba. Esinati anamva ndowa ikugwa, kenako kubuula. Anathamanga n'kuima kunja kwa mpanda.

"Kodi anthu agwa m'menemo?"

"Anthu asayandikire," anayankha. "Aitane mwamuna."

Anathamanga nyumba ndi nyumba, mwamuna kunalibe. Anandipeza ine kudimba, ali wefuwefu. Tinagwirizana kuti ine ndithamangire kumsewu kukafuna ngolo ndi munthu wamphamvu, iye abwerere akalondere. Zimene zinachitika ine kulibe anandiuza yekha pambuyo pake.

Anatenga chitenje n'kuchiponya pamwamba pa mpanda kuti adzifunditse. Chinakodwa paudzu. Anagwada kunjako akulira, akumva munthu akuwauka ndi dzuwa pamiyala, nyerere zikumuyenda. Akati alowe, mawu ankabwera omwewo, anthu asayandikire. Dzuwa linakwera mpaka paliwombo. Mawu aja ankacheperachepera. Kenako kunati zii, mpaka Esinati anaganiza kuti atha. Ndiye anamva, osati mawu a nkhalamba yodwala, koma a pansi pa mtengo wa kusukulu.

"Esinati Lungu!"

Dzina limenelo anali asanalitchule chikwatiwireni iye. Akuti miyendo inaimirira yokha.

"Come nearer."

Analowa chafutambuyo, chitenje atachitambasula kumsana, ngati ana a Nowa aja. Aphunzitsi ali gone m'matope, fupa la m'chiuno litathyoka, milomo itauma gwa, anapezabe mphamvu yomudzudzula. "Kodi ndinakuphunzitsa kuti kubwera amabwera ndi nkhongo?" Anatembenuka. Anawafunditsa, anawasasa nyerere, anawamwetsa madzi m'manja mwake, n'kuwabereka kumsana ngati mwana. Ine pofika ndi ngolo ndinawapeza pakhonde, mutu wawo uli pamiyendo pa Esinati, onse awiri akuyang'ana kumbali.

Kuchipatala anati fupa la munthu wamkulu chonchi silingalumikizike bwino, akasamalidwe kunyumba. Anabwerera osathanso kuimirira. Wowasambitsa, wowatembenuza, wowachotsera zoipa anali Esinati, nanga akanakhala ndani? Amuna a m'mudzi ankabwera kudzazonda, kupemphera, n'kumapita kuminda yawo. Ndipo taonani kuuma kwa nkhalamba ija: ankamuyankhula m'Chizungu chokha. Bwera, nyamula, pita, zonse m'Chizungu. M'Chizungu anali mphunzitsi ndi mwana wake wa sukulu. Akabwerera ku Chinyanja ankayang'ananso khoma n'kumati anthu atseke zenera.

Mudzi sugona. Pachitsime anayamba kunong'onezana, ine ndikafika iwo n'kuleka. Kenako anatulukira a Velonika, mlongo wawo wa aphunzitsi, azakhali a Yotamu, kuchokera cha ku Tamanda kumene anakwatiwa. Zaka zonsezi sanabwerepo ndi kathumba ka ufa, koma mphekesera inawanyamula tsiku limodzi. Anafika osakhala n'komwe pansi.

"Mkazi wanji wolowa m'bafa mwa apongozi ake? Nkhuku inaperekedwa liti ine osadziwa? Mwana wathu angabwerere bwanji kwa mkazi woti anaona maliseche a atate ake?"

Ndinati, "Amayi, mukanakonda awaukire pamiyala paja?"

"Iwe ndiwe ndani pamudzi pano?"

Sindinali aliyense, n'zoona. Kuyambira tsiku limenelo Esinati ankalowa m'chipinda mobisala, a Velonika akapita kothyola ndiwo. Ndinawachonderera aphunzitsi ndili chogwada kuti apereke nkhuku ija. Ndinati tsopano si nkhani ya mchere ndi singano ayi, mkazi uyu akumuvula ulemu chifukwa cha inu, ndipo mukapita adzamudya wamoyo. Anatseka maso. Anati, "Yotamu wamva kuti ndikudwala. Akubwera."

Esinati ndiye anavutika kufunafuna nambala kwa anthu obwera ku Joni mpaka anaipeza. Foni italowa anandipatsa ine kuti ndiwaikire kukhutu. Ndinali pafupi, ndinamva zonse. Kumbuyo kunkamveka khanda likulira, ndi mkazi akulitonthoza m'chilankhulo chachilendo. Yotamu anapepesa, anati ntchito, anati mapepala, anati zinthu zavuta. Potsiriza anati, "Limbani mtima atate, ndikubwera." Aphunzitsi anakankha foni ndi chala. Anayang'ana kudenga. Anati, "Uyu akupita."

Tsiku lonse sanadye. M'mawa mwake, dzuwa litakwera kale, anandiitanitsa pamodzi ndi mlongo wawo. Mpweya unali utayamba kuvuta.

"Gwirani nkhuku ija."

Mayo ine! Akanangonena mbandakucha, khola lisanatsekulidwe! Chaka chimenecho chitopa chinali chitasesa nkhuku zonse za pakhomo paja, inatsala yoyera yokhayo, ndipo inali itatuluka kale kukasaka. Amene anawetako nkhuku yachikuda akudziwa kuti masana siigwidwa chisawawa. Tinaithamangitsa ine ndi Esinati, akazi akuluakulu awiri, zitenje titakwinya. Kuseri kwa nkhokwe, pansi pa ngolo, m'munda wa mbatata. Tinaiwazira misere, inatiyang'ana ndi diso limodzi, chifukwa inazolowera dzanja la mwini wake. Esinati anaidumphira n'kutsala ndi nthenga ziwiri m'manja, maondo atanyuka. Inauluka mpanda n'kukalowa m'chitsamba chaminga kumtsinje, kumene ngakhale galu salowa.

Ndinathamangira m'nyumba. "Aphunzitsi, nditenge yanga, ndili nayo yoyera."

Anapukusa mutu. "Yobwereka siimasula munthu."

"Ndiye nenani mawu okha! A Velonika ali pano, akumva."

A Velonika anati, "Ine ndamva kuti achimwene akufuna nkhuku. Ikabwera ndidzaona."

Tinati tidikire madzulo, idzabwera yokha kudzagona. Tikanatani? Esinati anagwada pakhomo la chipinda, chifukwa azakhali anali m'katimo, magazi akuchucha m'maondo. Dzuwa litapendeka ndinaona kuti aphunzitsi akumufunafuna ndi maso. Anayasamula pakamwa. Ndikhulupirira ndi mtima wonse kuti ankafuna kunena mawu aja a Chinyanja, akuti ndinu mwana wanga. Milomo inagwedezeka, koma lilime limene linawakana zaka zonsezo silinawadziwe njira. Chimene chinatuluka ndi chakale chomwe chija, chonong'ona.

"Come nearer."

Esinati anayamba kusendera ndi maondo. A Velonika anatambasula mwendo pakhomo.

"Chizungu si mwambo," anatero.

Aphunzitsi anamwalira akumuyang'ana Esinati ali pakhomo pomwepo. Zengerezu analinda kwawukwawu, amatero akuluakulu, koma apa wokwawa anali wina, wozengereza wina.

Dzuwa likulowa, anthu atadzaza kale pabwalo, amayi akulira m'nyumba, nkhuku ija inatulukira. Inadutsa pakati pa anthu osathamanga, ikujompha apa ndi apo, n'kukwera kamakwerero ka khola lake. Esinati ataiona anakuwa kukuwa kumene sindikufuna kudzakumvanso. M'mawa mwake adzukulu okumba manda anafuna ndiwo, monga mwa mwambo. Pakhomo panali nkhuku imodzi yokha, ndipo m'khola inagwidwa mosavuta.

Yotamu sanabwere. Anaimba foni kwa azakhali ake kuti akubwera. Titameta maliro achibale anakhala pansi. A Velonika anati iwo sanaone nkhuku ikuperekedwa, ndipo sananame. Anagamula kuti mkazi wopanda mwambo achoke, Chisomo atsale chifukwa ndi mwana wa a Soko, ng'ombe za malowolo zinapita kalekale. Ndinayankhula mpaka mawu anandithera, akuluampingo anayang'ana pansi. Esinati sanatsutse. Anamanga mapoto ake m'chitenje. Lero ali m'komboni ku Chipata, amachapira anthu zovala. Ndikamupeza sitikamba za aphunzitsi. Tsiku lina mwana wa abwana ake anamuitana m'Chizungu kuti asendere pafupi, akuti anangotaya beseni n'kutuluka panja.

Ndimawakwiyira a Kamuniya, ndisaname. Ndimawakwiyira ngati mmene umakwiyira kholo lako. Anatiphunzitsa kuti woyandikira ndi wofika ndi anthu awiri osiyana, ndipo iwo eni anafera pamzere. Koma ndikamva mwana wanga akuwerenga Chizungu chake cha pabolodi, chopanda miyendo, ndimawasowa.

Tsiku lija ndinalira pamsewu, sindinalunjike kunyumba. Ndinadzera kubwalo kwawo. Malata anazula achibale, makoma ayamba kugumuka ndi mvula, m'chipinda muja mwamera bonongwe. Bafa inagwa. Khola lapendekeka, kamakwerero kake kali pansi, chiswe chikudya. Mango akubereka ngati kale, akuwolera pansi chifukwa ana amaopa kufikapo. Mpando wandalema anatenga a Velonika, koma pamene unkakhala pakadali timaenje ta miyendo yake. Mwala wafulati uli pomwepo. Udzu wamera bwalo lonse, koma ukayang'anitsitsa tinjira tiwiri tikuonekabe, dothi lake linauma ndi mapazi: kena kochokera kukhitchini, kena kochokera kumtengo, tonse n'kuthera pamwalapo.

Ndinayenda kanjira ka Esinati, dengu pamutu. Nditafika pamwala miyendo inaima yokha. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, nkhope kumtengo, ndikudikira kuti wina anditchule mayina onse awiri. Palibe anandiitana.